Tengani Kalatayo Mupite Nayo kwa Yehova

 Ngati muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani buku lachiwiri la Mafumu, mutu 18 ndi 19. Mbiri yomweyi mudzaipezanso pa Yesaya 36 ndi 37, ndiponso pa 2 Mbiri 32. Mulungu analola kuti ilembedwe katatu, ndipo chimene Iye wachibwereza katatu n'choyenera kuchitchera khutu.

Lero tikamba za munthu amene analandira kalata yoopsa. Ambiri a inu mukuidziwa kalata yotere. Kwa wina ndi pepala la zotsatira za kuchipatala. Kwa wina ndi kalata ya kuntchito yonena kuti mwezi uno ndi wotsiriza. Kwa wina ndi chisamani cha kukhoti, kapena uthenga wa pafoni wochokera kumudzi wonena kuti bwerani msanga, kuno sikuli bwino. Funso lathu ndi ili: kodi mwana wa Mulungu achite nayo chiyani kalata imene alibe mphamvu yoiyankha?

Munthuyu ndi Hezekiya, mfumu ya Yuda. Analowa ufumu ali ndi zaka 25, nalamulira zaka 29 mu Yerusalemu. Atate ake, Ahazi, anali mfumu yoipa imene inatseka zitseko za Kachisi. Hezekiya sanatsate mapazi amenewo. Anatsegulanso Kachisi, nagwetsa malo opembedzerapo mafano, naphwanya ngakhale njoka yamkuwa imene Mose anapanga, popeza anthu anali atayamba kuifukizira lubani. Baibulo limamuchitira umboni kuti pa nkhani ya kukhulupirira Yehova panalibe mfumu ina ya Yuda yofanana naye.

Taonani tsono zimene 2 Mbiri 32 ikutiuza pa ndime yoyamba: nkhondo inafika Hezekiya atangotha kuchita zokhulupirika zonsezi. Mbale wanga, mlongo wanga, sungani mfundo imeneyi. Pali chiphunzitso chimene chafala, chonena kuti munthu akamapemphera ndi kupereka bwino, mavuto sangagogode pakhomo pake, ndipo akagogoda ndiye kuti pali tchimo lobisika. Moyo wa Hezekiya ukutsutsa zimenezi. Mdani anabwera pa nthawi imene mfumu inali kuyenda bwino ndi Mulungu wake.

Mdaniyo anali Asuri, ufumu wamphamvu koposa m'masiku amenewo. Likulu lake linali Nineve, mzinda umene mabwinja ake ali tsidya lina la mtsinje wa Tigris, moyang'anana ndi Mosul m'dziko la Iraq. M'chaka cha 722 Khristu asanabadwe, Asuri anagonjetsa Samariya natenga ukapolo abale ake a Yuda, mafuko a kumpoto. M'chaka cha 701, mfumu yawo Senakeribu inatembenukira ku Yuda.

Izi si nthano zokamba poota moto. Senakeribu mwini wake analembetsa mbiri ya nkhondoyi pa chipilala chadongo cha mbali 6, chimene chikusungidwa ku British Museum mu mzinda wa London. Pamenepo akudzitama kuti analanda mizinda yamalinga 46 ya Yuda, natenga anthu oposa 200,000, ndipo akumuyerekeza Hezekiya ndi mbalame yotsekeredwa m'khola. M'nyumba yomweyo muli miyala yosemedwa imene Austen Henry Layard anaifukula ku Nineve m'zaka za m'ma 1840. Miyalayo ikuonetsa kugwa kwa Lakisi, mzinda wachiwiri wa Yuda, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Yerusalemu. Pali zida zogumulira linga, amuna opachikidwa pa mitengo yosongoka, ndi amayi akutuluka pachipata atasenza timitolo, ana ali pambuyo. Zimenezi ndi zimene anthu a mu Yerusalemu ankamva usiku ndi usana, akudziwa kuti otsatira ndi iwo.

Tiyeni tione choyamba zimene Hezekiya anachita ndi manja ake. Sanakhale pansi n'kupinda manja. Anadziwa kuti mzinda wozingidwa umagonja ndi ludzu usanagonje ndi lupanga, ndipo kasupe wa Gihoni, amene Yerusalemu ankamwapo, anali pamalo osavuta kufikapo adani. Choncho anatseka akasupe a kunja, nakumbitsa ngalande m'kati mwa thanthwe kuti madzi alowe mumzinda. Ngalande yodziwika ndi dzina lake ilipo mpaka lero. Ndi yotalika mamita 533, ndipo madzi akuyendabe m'menemo. M'chaka cha 1880, pakhoma lake panapezeka mawu a Chihebri ofotokoza kuti okumbawo anayambira mbali ziwiri, ndipo atatsala pang'ono kukumana ankamvana mawu kupyola m'thanthwe. Hezekiya anakonzanso linga pamene linagumuka, nasulitsa zida zambiri.

Kukhulupirira Mulungu sikuletsa munthu kupita kuchipatala, kumwa mankhwala monga adokotala alangizira, kufunafuna ntchito, kapena kukakambirana ndi mwini ngongole. Wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala anu pofuna kuonetsa chikhulupiriro, dziwani kuti sakulankhula za m'Buku ili. Kumbani ngalande yanu. Komabe mneneri Yesaya, pa mutu 22, ali ndi chenjezo. Iye anaona anthu a mu Yerusalemu akusonkhanitsa madzi, akuwerenga nyumba ndi kugwetsa zina kuti alimbitse linga, ndipo anawadzudzula chifukwa pochita zonsezi maso awo sanayang'ane kwa Iye amene anapanga mzindawo kalekale. Ntchitoyo inalibe cholakwa. Cholakwa chinali mumtima, pamene ngalande inatenga malo a Mulungu.

Pali chinanso chimene Hezekiya anachita, ndipo Baibulo silinachibise. Mantha atakula, anayesa kugula mtendere. Anatumiza mithenga kwa Senakeribu ku Lakisi, navomera kulipira chilichonse. Anamulipitsa matalente 300 a siliva ndi matalente 30 a golide, ndipo talente imodzi inkalemera makilogalamu oposa 30. Kuti akwanitse, anakokolola chuma cha m'Kachisi, mpaka kukanganula golide wa pa zitseko zimene iye mwini anazikongoletsa. Kodi mdani anabwerera? Senakeribu analandira chumacho, natumizabe gulu lalikulu la ankhondo ku Yerusalemu.

Ndi angati mwa ife amene achita chimodzimodzi? Vuto likafika pakhosi, wina amathamangira kwa katapila, nagwiritsa munda wa ana ake. Wina amapita usiku kwa sing'anga kukaombeza ndi kukatemera mphini, Lamulungu n'kudzaimba m'kwaya. Wina amapereka chiphuphu, wina amanama, wina amagulitsa thupi lake. Timakanganula golide wa pa zitseko za chikumbumtima chathu kuti tipatse mdani, ndipo mdaniyo akalandira amabweranso ndi njala yoposa yoyamba. Ngati mwachita kale zimenezi, musazime wailesi yanu. Munthu amene Baibulo likumutcha wokhulupirira koposa mafumu onse a Yuda anapunthwa pamalo omwewa, ndipo Mulungu sanamutsekere khomo.

Chachiwiri, timve mawu a mdani. Senakeribu anatuma nduna yake yaikulu, imene udindo wake unkatchedwa Rabisake. Ndunayi inaima pafupi ndi linga, niyamba kulankhula mokweza. Nduna zitatu za Hezekiya, Eliyakimu, Sebina ndi Yowa, zinaipempha kuti ilankhule Chiaramu, chilankhulo cha akazembe chimene anthu wamba sankachimva. Iyo inakana dala, nifuula m'chilankhulo cha Ayuda, kuti aliyense wokhala palinga amve. Mantha amadziwa chilankhulo cha kwanu. Amakulankhulani ndi mawu amene mumawamva bwino, pakati pa usiku pamene ena onse ali m'tulo.

Mukawerenga mawu a Rabisake mudzaona kuti liwu limodzi likubwerezabwereza, ndilo kukhulupirira. Iye anafunsa kuti Hezekiya akudalira yani. Ngati ndi Aigupto, anati, ameneyo ali ngati bango lothyoka limene limabaya dzanja la wolitsamira. Apa ananena zoona, pakuti Yesaya yemwe anali atachenjeza kale za kudalira akavalo a Aigupto. Kenaka anawaseka kuti angathe kuwapatsa akavalo 2,000 ngati iwo angapeze okwerapo. Apanso panali choonadi, popeza ankhondo a Yuda anali ochepa. Koma pakati pa zoonazo anasakanizapo mabodza. Anati Yehova wakwiya chifukwa Hezekiya anagwetsa maguwa ake, pamene Hezekiya anachita zimenezo pomvera Yehova. Anatchula mayiko amene anagwa limodzi ndi milungu yawo, nati Yehova sasiyana ndi milungu imeneyo. Pomaliza anawanyengerera kuti akagonja adzawatengera ku dziko la tirigu, mphesa ndi uchi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziko lokomalo linali ukapolo.

Umu ndi m'mene woipayo amalankhulira mpaka lero. Amayamba ndi zoona: matendawa ndi aakulu, ngongoleyi simungaikwanitse, abale anu akutayani. Mukavomera, amawonjezapo zake: Mulungu wakukwiyirani, ena anapemphera koma anafa, inunso musavutike. Anthu a palinga anangokhala chete, chifukwa mfumu inawalamula kuti asamuyankhe. Pali mawu ena amene sitiyenera kutsutsana nawo, popeza tikayamba kukambirana ndi mantha timagonja. Malo ake oyenera mawu otere ndi pamaso pa Mulungu.

Chachitatu tsono, tione kumene Hezekiya anapita. Atamva uthengawo anang'amba zovala zake, navala chiguduli, nalowa m'nyumba ya Yehova. Anatumizanso akuluakulu kwa Yesaya kukapempha mapemphero. Iye anayerekeza tsikulo ndi mayi amene nthawi yake yochira yakwana, koma mphamvu zamuthera. Amayi amene mukundimvera mukudziwa kuopsa kwa nthawi imeneyo. Mfumu yathunthu inavomera poyera kuti yalephera, ndipo sinachite manyazi kupempha thandizo. Mutu umodzi susenza denga. Ngati mukusenza katundu wanu mobisa, poopa kuti akumpingo adzati mulibe chikhulupiriro, pezani Mkhristu mmodzi wokhwima, kapena abusa anu, muwauze.

Yesaya anayankha kuti mfumu isaope. Ndipo panaoneka ngati mpumulo, chifukwa Senakeribu anamva kuti Tiraka, mfumu ya Kusi, wochokera m'chigwa cha Nile ku dera limene lero ndi Sudan, akubwera kudzamenyana naye. Koma mvula ikakuona litsiro siikata. Mmalo mochoka, Senakeribu anatumiza kalata yobwereza chipongwe chomwe chija, tsopano cholembedwa, chakuti Hezekiya asanyengedwe ndi Mulungu wake.

Hezekiya analandira kalatayo naiwerenga. Sanaing'ambe, sanaibise pansi pa mphasa, ndipo sanayese ngati sanailandire. Sanaitanitsenso golide wina. Anakwera nayo ku Kachisi, naitambasula pamaso pa Yehova. Kodi Mulungu sankadziwa zimene zinalembedwamo? Ankadziwa inkiyo isanaume. Koma poitambasula, Hezekiya ankanena kuti: kalatayi yalembedwa dzina langa, komabe mwini wake woiyankha ndi Inu.

Werengani pemphero lake pa 2 Mafumu 19, kuyambira ndime 15 mpaka 19. Ndi lalifupi, ndipo muli zinthu zitatu zimene ife tingaphunzirepo.

Anayamba ndi Mulungu. Asanatchule dzina la Senakeribu, anavomereza kuti Yehova yekha ndiye wolamulira maufumu onse, ndipo ndiye analenga kumwamba ndi dziko lapansi. Chala chanu ndi chaching'ono, koma mukachiika pafupi ndi diso chimabisa phiri lonse. Vuto nalonso likayandikira kwambiri limabisa Mulungu. Poyamba ndi ukulu wa Mulungu, Hezekiya anabwezera chilichonse pa msinkhu wake weniweni.

Kenaka ananena zoona zokhazokha. Anavomera pamaso pa Mulungu kuti mafumu a Asuri anawonongadi mitundu ya anthu, natentha milungu yawo. Sanachepetse vutolo. Ena amaphunzitsa kuti musatchule matenda anu, musavomere kuti muli pamavuto, chifukwa mukatero mukuwaitana. Hezekiya anatchula vuto lake ndi dzina. Chikhulupiriro chimene chimaopa kuyang'ana zoona n'chofooka kwambiri. Koma atavomera zoonazo, anakana bodza lija: milungu inapsayo inali mitengo ndi miyala yosemedwa ndi anthu, ndipo Yehova ndi wamoyo.

Pomaliza anapempha chipulumutso, napereka chifukwa chake: kuti maufumu onse adziwe kuti Yehova ndiye Mulungu yekha. Sanatchule ntchito zake zabwino, ngakhale zinalipo. Anamangirira pempho lake ku ulemu wa dzina la Mulungu. Munthu akafika popemphera kuti, Ambuye, dzina lanu lilemekezeke m'nkhani yangayi, ndiye kuti wachotsa dzanja lake pa kalatayo.

Chachinayi, yankho la Mulungu. Yesaya anatumiza mawu akuti pempherolo lamveka, ndipo mfumu ya Asuri sidzalowa mumzindawo kapena kuponyamo muvi ngakhale umodzi. Usiku womwewo mngelo wa Yehova anakantha ankhondo 185,000 mumsasa wa Asuri. Senakeribu anabwerera ku Nineve. Pa chipilala chake chija akudzitama zambiri, koma palibe pamene akunena kuti analanda Yerusalemu. M'chaka cha 681, patapita zaka 20, anaphedwa ndi ana ake omwe.

Koma pali ndime ina imene ambiri amaidumpha, ndime 29. Mulungu anapereka chizindikiro chakuti chaka chimenecho anthu adzadya zomera zokha m'minda, chaka chachiwiri chimodzimodzi, ndipo kufesa ndi kukolola kudzayamba chaka chachitatu. Mdani anachoka usiku umodzi, koma minda inatenga zaka kuti ibwerere mwakale. Abale athu amene anaona namondwe wa Idai ku Beira ndi ku Chimanimani mu 2019, kapena wa Freddy kumwera kwa Malawi ndi ku Mozambique mu 2023, akudziwa kuti madzi akaphwa njala siitha tsiku lomwelo. Mwina inu muli m'chaka cha zomera zokha. Nkhokwe ilibe kanthu, komabe tsiku lililonse mukupeza kakudya kosadziwika kumene kachokera. Musaganize kuti Mulungu wakuiwalani. Kakudya kameneko ndiko chizindikiro chake. Iye analonjeza kuti otsala a Yuda adzayamba ndi kuzika mizu pansi, zipatso n'kudzabwera pambuyo, ndipo mizu ikamakula palibe amene amaiona.

Ndiyenera kunenanso chinthu china, kuti ndisakunamizeni. Yerusalemu anapulumuka, koma Lakisi anagwa, pamodzi ndi mizinda ina yambiri ya dziko lomwelo la anthu a Mulungu. Pa Ahebri 11 timawerenga za ena amene mwa chikhulupiriro anapulumuka lupanga, ndi ena amene mwa chikhulupiriro chomwecho anaphedwa ndi lupanga. Pa Machitidwe 12, Yakobo anaphedwa ndi Herode, pamene Petro anatulutsidwa m'ndende. Onse awiri anali okondedwa a Ambuye. Sindingakulonjezeni kuti kalata iliyonse idzafafanizidwa usiku uno. Chimene ndingakutsimikizireni, pa ulamuliro wa Mawu a Mulungu, ndi chakuti palibe kalata yotambasulidwa pamaso pake imene Iye saiwerenga, ndipo mawu otsiriza pa moyo wa mwana wake amanena ndi Iye yekha.

Tikudziwa bwanji zimenezi? Tikudziwa chifukwa cha munda wa Getsemane. Kumeneko Mwana wa Mulungu, wamkulu woposa Hezekiya, anagwa nkhope pansi, napempha katatu kuti chikho cha masautso chimupitirire, nagonjera chifuniro cha Atate. Chikhocho sichinachotsedwe. Anapachikidwa, nafa, naikidwa m'manda. Lachisanu lija zinaoneka ngati Rabisake ananena zoona. Koma tsiku lachitatu Atate anayankha, ndipo yankho lake linaposa kupulumutsidwa ku imfa, pakuti imfa yeniyeniyo inagonjetsedwa.

Ndipo pali kalata ina, yoopsa kuposa ya Senakeribu, imene yalembedwa dzina la munthu aliyense. Paulo akuitchula pa Akolose 2, ndime 14. Ndi kalata ya ngongole ya machimo athu, ndipo mosiyana ndi ya Senakeribu, m'menemo mulibe bodza ngakhale limodzi. Palibe ngalande imene tingakumbe kuti tiithawe, palibe golide amene angailipire. Paulo akuti Mulungu anaifafaniza, naikhomera pamtanda wa Khristu. Ngati Iye anayankha kalata yaikuluyo ndi mwazi wa Mwana wake, kodi adzanyalanyaza imene ili m'thumba mwanu lero? Ngati simunabwere kwa Yesu ndi kalata ya machimo anu, yambani ndi imeneyo. Lapani, mukhulupirire Iye amene anafa nauka chifukwa cha inu.

Kwa inu amene muli kale ake a Khristu, ndikupemphani kuti muchite chinthu chimodzi lero musanagone. Tengani pepala lija la kuchipatala, kalata ya ngongole, kapena foni imene muli uthenga uja. Ngati vuto lanu lilibe pepala, lilembeni nokha m'mawu ochepa. Gwadani, muliike patsogolo panu. Yambani ndi kumuuza Mulungu chimene Iye ali. Muuzeni zoona zonse za vutolo, osachepetsa. Mupempheni kuti akupulumutseni chifukwa cha dzina lake. Mawa kukacha, dzukani mukapitirize kukumba ngalande yanu, koma katundu wa kalatayo mumusiyire Iye.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, Inu ndinu Mulungu wamoyo, ndipo palibe mfumu, matenda, ngongole kapena manda zimene zili kunja kwa ulamuliro wanu. Mukuona aliyense amene wagwira kalata yolemera m'manja mwake pa nthawi ino. Tikhululukireni pamene mantha anatithamangitsira kwina. Tontholetsani mawu a mdani m'mitima ya ana anu. Amene mukufuna kuwalanditsa lero, alanditseni. Amene ali m'chaka cha zomera zokha, apatseni chakudya cha tsiku lililonse ndi mtima wodikira. Amene akuyenda njira ya ku Getsemane, agwireni dzanja mpaka m'mawa wa kuuka kwa akufa. Dzina lanu lilemekezeke m'nkhani ya aliyense wa ife. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye ndi Mpulumutsi wathu. Amen.

Ambuye akusungeni mpaka tidzakumanenso pa Mawu ake.